Bondo Lopanda Mlandu

Mlongo wanga wamng'ono anali goloboyi. Masapota anamupatsa dzina loti Ulimbo, chifukwa mpira ukafika m'manja mwake sunkachokanso, ndipo dzinalo linamumata mpaka ife a pakhomo tinasiya kumuitana ndi lake lenileni. Ine ndine telala, za mpira sindizitsata kwenikweni, koma ngakhale ine ndinkaona kuti mwanayo ali ndi mphatso. Ankauluka, abale. Wina amenye mpira wolunjika pakona penipeni, anthu atayamba kale kukuwa kuti chigoli, iye n'kutulukira kaya kuchokera kuti, gwi! Akadzuka ankangopukuta fumbi, osanyada n'komwe.

Bambo athu ndi owotcherera zitsulo. Shopu yawo ili kuseri kwa nyumba, yanga ili kutsogolo, kuyang'ana msewu. Zitsulo za magolo a pabwalo la timu yake anawotcherera ndi iwo, mwaulere, ndiye ankaona ngati magolowo ndi awo. Tsiku la masewero sankakhala pamene anthu ena amakhala. Ankaima kuseri kwa golo, mphuno pa ukonde, n'kumamuuza mwana wawo chochita. "Tuluka! Khala! Wako ameneyo!" Matimu akasinthana mbali, iwonso ankazungulira bwalo lonse kupita kugolo linalo. Anachita zimenezi kuyambira Ulimbo ali kamwana kosewera opanda nsapato. Anthu ankaseka kuti timu yathu ili ndi agoloboyi awiri, wina kutsogolo kwa ukonde, wina kumbuyo, ndipo bambo ankasangalala nayo nthabwala imeneyo.

Chaka chimene Ulimbo anasiya kukhala mnyamata wamng'ono m'timumo, kunabwera anthu a timu yaikulu ya mu ligi yapamwamba kudzamuonera. Anachita naye chidwi, ndipo anati adzabweranso nyengo ya masewero ikamatha, akadzamupeza akugwirabe choncho adzamutenga. Eee, bambo sanakhalenso pansi. Munthu wongobweretsa wilibala yothyoka ankachoka atamva mbiri yonse ya Ulimbo, kuyambira tsiku lobadwa.

Mwini wake ndiye anayamba kuzilala. Mwana amene ankalowa m'shopu mwanga n'kuvala diresi ya kasitomala kuti andiseketse, tsopano ankangofika n'kukhala pampando wa pakona, maso pa singano ya makina, duu. Chakudya ankangochigwiragwira. M'mawa wa tsiku la masewero ndinkamumva akusanza kubafa. Nditafunsa anati ndi m'mimba, ine n'kukhulupirira.

Kenako kunabwera bondo.

Kutimu kwawo kunali lamulo lodziwika kwa aliyense ngakhale palibe amene ankalitchula. Wopuma ndi wovulala yekha, ndipo kuvulala ndi kumene adokotala a timu angathe kukulungapo bandeji. Adokotalawo si adokotala enieni ayi, ndi bambo wina wokoma mtima woyenda ndi chikwama cha mabandeji, madzi oundana ndi mafuta onunkha otikitira minofu. Ukawauza kuti mutu ukuwawa, ankakupatsa mapiritsi n'kukukankhira m'bwalo. Ukati watopa, akochi ankakuonjezera kuthamanga. Za mantha ndiye osayerekeza, anzako angakuseke mpaka chaka kutha. Choncho Ulimbo atafika kunyumba tsiku lina akutsimphina, bondo lakumanja litakulungidwa mpaka pantchafu, aliyense anamvetsa. Akochi anaika mnyamata wina pagolo nanena kuti apume, asathamangire.

Mmene bambo analisamalira bondo limenelo, ine mpaka pano ndikakumbuka mtima umandiwawa. Anamuwotcherera ndodo yoyendera, n'kuika mphira ya tayala kunsi kwake kuti isaterereke. M'mawa uliwonse asanayatse makina awo ankafunditsa madzi, n'kugwada pansi pamaso pa mwana wawo, n'kumathowa bondolo ndi kansalu. Munthu wamkulu, wa manja okakala ngati khungwa, akugwira mwendo mosamala chonchija. "Pano pakuwawa? Nanga apa?" Ulimbo ankangogwedeza mutu, nkhope atayang'anitsa kumbali. Chodabwitsa n'chakuti masabata amenewo anayambanso kudya pang'ono, ndipo kusanza kuja kunatha.

Zinaululika m'shopu mwanga masana ena. Ndinkasita diresi ya ukwati, iye ali pampando wake wa pakona, mwendo atautambasula. Ndikutembenuka, phazi langa linakola chingwe cha simbi, simbi n'kutsetsereka kuchoka patebulo. Sindinakuwe n'komwe. Ndinangoona munthu wadumpha chipinda chonse, wagwira simbi pachogwirira isanafike pansi, wagwera pabondo lomwelo la bandeji, n'kudzukiranso mwendo womwewo ngati palibe kanthu. Anaiika patebulo bwinobwino. Kenako anazindikira chimene wachita, ndipo tinayang'anana.

Ine mtima wanga ndi wapafupi, aliyense pamsewu wathu akudziwa. "Iwe! Bambo akugwada pansi tsiku ndi tsiku chifukwa cha bodza? Ulibe manyazi? Ndi mtsikana eti? Kapena wayamba kusuta?"

Anabwerera pampando, n'kuika manja pakati pa miyendo. Ndinazimitsa simbi n'kutseka chitseko cha shopu.

"Lankhula. Ndine ndekha pano."

"Achemwali," anatero, mawu ali pansipansi, "mpira ukamabwera sindikumauonanso."

"Ndi maso?"

"Ayi. Ndikangoima pagolo paja, mtima umayamba kugunda m'makutu. Manja amachita dzanzi. Mpweya umandithawa ngati wina wandikhalira pachifuwa, ndipo ndimaona ngati ndifa pomwepo anthu onse akuonerera. Kumbuyo bambo akukuwa, kutsogolo anthu akukuwa, ine ndikungopempha kuti mpira usabwere kuno."

Ndinamufunsa ngati chinalipo chimene chinachitika, kaya chigoli chochititsa manyazi, kaya wina anamuopseza. Anati palibe, zinangobwera pang'onopang'ono ngati chinyezi cha pakhoma. Anatinso sizithera kubwalo kokha. Masiku ena kudzuka pabedi kumamulemera, nyimbo sizikomanso, anzake akamaseka iye amangoona milomo ikuyenda.

"Akochi unawauza?"

"Ndinawauza kuti mpweya ukumandithera. Anati ndionjezere kuthamanga."

"Nanga bambo?"

Apo anangoseka kaseko kopanda chimwemwe. "Ndikawauze kuti chiyani? Bondo amalimva, achemwali. Bondo aliyense amalimva."

Ndinamuuza kuti tipite kuchipatala, pali anthu odziwa za matenda a maganizo. Anakana kwamtuwagalu. Anati tsiku limene munthu mmodzi yekha adzamuone pakhomo limenelo, bwalo lonse lidzayamba kuimba kuti Ulimbo wapenga, ndipo palibe timu imene ingapereke golo lake kwa munthu wamisala. Anandichonderera kuti ndisauze munthu. Ndinayesabe kuwatsina khutu bambo tsiku lina akutsuka m'manja. Ndinati, "Bambo, mwana uyu si bondo lokha, muyang'aneni kumaso." Iwo anandiyankha kuti ndizisoka madiresi anga, za mpira ndiwasiyire amuna, wosewera aliyense amakhumudwa akakhala pabenchi.

Anthu a timu yaikulu aja atamva kuti mnyamata amene akumufuna wavulala, sanachedwe. Anakonza zoti bondo likajambulidwe ndi makina kuchipatala chachikulu kuti aone ngati n'lochiritsika. Tinapita atatu. Bambo anavala jekete la kutchalitchi. Ulimbo anayenda ndi ndodo yake njira yonse, ndipo atalowa m'chipinda chojambulira anandiyang'ana kamodzi, ine n'kuzolika.

Adokotala anali mayi wachitsikana wa magalasi. Anayang'ana zithunzi, n'kupinda mwendowo, n'kuutambasula, n'kumwetulira. "Bambo, nkhani ndi yabwino. Bondo ili lilibe vuto lililonse. Mafupa ali bwino, mitsempha ili bwino. Atha kusewera ngakhale mawa."

Bambo anaomba m'manja m'chipinda cha adokotala momwemo. Anawagwira chanza adokotala, anagwira chanza namwino, anagwira chanza ngakhale mlonda wa pageti. M'basi anauza anthu osawadziwa kuti Mulungu ndi wamkulu, mwana wawo wachira. Asanatsike anali atawaimbira kale akochi, ndipo zinamveka kuti Loweruka Ulimbo ali pagolo, a timu yaikulu adzakhalapo. Mwini bondo anali atatsamira pawindo, milomo itauma gwaa. Sindinaonepo munthu akulandira uthenga wabwino ngati walandira uthenga wa maliro.

Loweruka bambo analawirira kubwalo, ati akaone ngati ukonde wamangidwa bwino. Ulimbo anati atsatira. Ine ndinali ndi siketi ya kasitomala yoti ndimalize kupinda m'munsi, ndiye ndinakhala pamakina. Dzuwa litakwera ndinamva chitsulo chikukokedwa kuseri. Ndinadabwa, popeza mwini shopu kunalibe. Ndinaganiza za akuba, ndinatenga lumo langa lalikulu n'kuzungulira nyumba.

Anali iye. Anali atavala yunifomu yonse, jezi yake yobiriwira, masokosi, nsapato zomanga bwino. Magolovesi anali patebulo la bambo. Anakhala pa chidebe cha penti, mwendo wakumanja atausanjika pachitsulo chimene bambo amawongolerapo zinthu, ndipo m'dzanja anagwira hamala yaikulu ya bambo. Thukuta linali kamukamu. Anandiona koma sanaitsitse.

"Ukutani?" Mawu anga anatuluka aang'ono, osakhala anga.

"Ndikungofuna likhale loona, achemwali. Likathyoka zenizeni andisiya."

Mayo ine! Ndikanakuwa, mwina akanamenya ndi mantha. Sindikudziwa chimene chinandigwira pakamwa tsiku limenelo, ine wolongolola. Ndinaika lumo pansi, ndinayenda pang'onopang'ono, n'kugwada, n'kuphimba bondolo ndi manja anga onse awiri.

"Menya tsono," ndinatero. "Koma uyambira zala zangazi, ndipo uzindidyetsa ndiwe."

Hamala inakhala m'mwamba kanthawi, kenako inatsika pang'onopang'ono mpaka inagwa pansi. Analira mwana uja. Analira ngati mmene ankalirira ali wakhanda ndikamubereka kumbuyo, mutu uli paphewa langa, thupi lonse likugwedezeka. Foni yake inayamba kuitana patebulo, akochi. Itasiya inayamba yanga, bambo. Sitinayankhe ndi mmodzi yemwe.

"Vula nsapatozo," ndinamuuza. "Lero sukupita kubwalo. Ukupita nane, ndipo sindikukupempha."

Tinapita kuchipatala chomwe chija, koma khomo lina, kumapeto kwa khonde lalitali. Tinapeza namwino wachikulire, wodekha, amene sanagwire mwendo n'komwe. Anamukhazika pansi n'kuyamba kumufunsa za tulo, za chakudya, za mtima kugunda, mafunso amene ife a pakhomo sitinamufunsepo. Kenako anafunsa mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Ine ndinafuna kuyankha m'malo mwake kuti ayi, mwana wathu sangatero. Iye anayang'ana pansi n'kunena kuti inde, kangapo. Namwinoyo sanadzidzimuke. Anati matendawa ali nalo dzina, anthu ambiri amadwala, ndipo amathandizika ndi mankhwala komanso kukambirana. Anaitana dokotala, anatiuza zoti tizichita pakhomo, anatiuzanso tsiku lobwerera.

Titabwerera kunyumba tinapeza bambo atafika kale. Anali atakhala pakhonde ndi jekete lawo lija, nkhope ili ndwii. Tinamva kuti kubwalo anaima kuseri kwa golo theka lonse loyamba, m'golomo muli mwana wa eni, anthu akuwafunsa kuti wanu ali kuti. A timu yaikulu anachoka masewero asanathe.

"Wandichititsa manyazi," anatero, osandiyang'ana ine. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukuimira kumbuyo. Tsiku limodzi lokha lofunika, iwe wathawa ngati mbava. Adokotala anati ulibe vuto!"

"Anati bondo lilibe vuto," ndinalowerera. "Ulimbo, lowa m'nyumba."

Atalowa, ndinawauza zonse. Sindinasankhe mawu, ndipo mwina anthu oyandikana nafe anamva. Ndinawauza za simbi, za kusanza, za mpweya. Ndinawauza kuti ndinamupeza mwana wawo m'shopu mwawo momwemo, ndi hamala yawo, akufuna kudziphwanya mwendo kuti iwo amukhululukire. Ndinawauzanso funso limene namwino anafunsa, ndi yankho lake. "Mukanabwera kuno kudzapeza zina, bambo. Sankhani, mukufuna goloboyi kapena mukufuna mwana?"

Anadzuka, anapita kuseri, ndipo ndinamva akutsekera mahamala ndi zida zina m'bokosi lachitsulo. Kiyi wake anayamba kuyenda naye m'thumba. Izo zinandionetsa kuti amva. Koma za nkhaniyi pakamwa pawo sipanatuluke kanthu, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira.

Kuchira kwa matenda amenewa sikuoneka ngati kwa bala. Sabata ina Ulimbo ankadzuka, kusamba, kundithandiza kusita, ngakhale kundinyoza kuti mizere yanga ikukhota. Sabata inayo ankabwereranso m'chipinda, makatani otseka. Mankhwala oyamba anamugonetsa kwambiri mpaka anamusinthira ena. Ndinaphunzira kusafunsa kuti wachira liti. Timu yaikulu inatenga goloboyi wina. Patapita miyezi, akochi anatumiza uthenga kuti malo ake alipobe, ndipo tsiku lina iye anatenga chikwama chake n'kunyamuka. Anafika pageti la bwalo, anamva wezulo ikulira m'kati, manja n'kuyambanso dzanzi. Anawaitanitsa akochi panja n'kuwauza yekha, ndi pakamwa pake, kuti mpira wasiya, ndi chifukwa chake. Anabwera kunyumba atatopa koma maso ali owala kuposa mmene ndinawaonera chaka chonsecho.

Sindinganame kuti sindinadandaule. Mphatso ngati ija sibwera kawiri pakhomo limodzi, ndipo nthawi zina ndikamasoka ndimamuonabe m'maganizo ali m'malere. Ena amene amadwala matendawa amabwerera kumasewero, anatiuza choncho kuchipatala. Iye sanabwerere, ndipo sindikudziwa ngati akanabwerera tikanayamba msanga kuthowa pamene pankawawa penipeni.

Chimene chinatsala chinali cha bambo. Kubwalo anasiya kupitako. Mwana wawo ankamulankhula, koma za mchere ndi za mvula basi. Ndipo aliyense wofunsa ankamuyankha chimodzimodzi, kuti bondo lija layambiranso. Ulimbo ankamva. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achemwali, ine bandeji ndinavula, koma bambo akundivekabe. Ndiye kuti chimene ndili nachochi n'chonyansa moti sangachitchule?" Ndinaona kuti chimenechi chikumubweza m'mbuyo kuposa matenda enieniwo.

Nthawi imeneyo anali atayamba kuwathandiza bambo m'shopu masiku amene akupeza bwino, kuwagwirira zitsulo akamawotcherera. M'mawa wina ndinawapititsira tiyi. Ndinapeza pafika kasitomala, bambo wina wonenepa, sapota wodziwika wa timu yathu, atabweretsa geti loti likonzedwe. Atamuona Ulimbo atagwira chitsulo anafuula ndi chimwemwe.

"Aaa, Ulimbo weniweni! Takusowa, mwana iwe. Uyu tili nayeyu ndi dengu lobooka, mpira umangodutsa." Anatembenukira kwa bambo. "Nanga bondo lija likuti bwanji, akulu? Abwerera liti?"

Ulimbo anayang'ana pansi, kudikira yankho la masiku onse. Ine ndinaima ndi makapu m'manja, mtima utayamba kale kutentha. Bambo anazimitsa makina. Anakweza chotchingira kumaso chawo cha galasi lakuda, n'kupukuta thukuta ndi mkono. 

"Bondo lilibe kanthu," anatero bambo. Mawu anali okakala, ngati akuwakoka pansi pa chifuwa. "Silinakhalepo ndi kanthu. Mwana wanga akudwala matenda a maganizo. Akulandira thandizo kuchipatala, ndipo akupezako bwino. Mpira wasiya."

Kasitomalayo anatsegula pakamwa. "Aaa, pepani, sindimadziwa. Koma luso lonse lija, akulu, lingotayika choncho? Mwina akapuma pang'ono..."

"Wasiya, ndatero. Getili mudzatenge Lachinayi."

Munthuyo atachoka, Ulimbo anali atagwirabe chitsulo chija, misozi ikutsika, osaipukuta. Bambo sanamuyang'ane. Anatambasula dzanja lawo lokakalalo n'kumugwira kukhosi kumbuyo, ngati mmene ankachitira ali wamng'ono, n'kufinya pang'ono.

"Imwa tiyi, mwana wanga, asanazizire," anatero.

Kenako anatsitsa chotchingira kumaso chija, ngakhale makina anali ozimitsa, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.